Dona wa Bambo Foster

Bambo Foster Kachingwe anali wolemba zikwangwani za sitolo ku Limbe. Anabwera ku Washington mu 1974 kudzaphunzira, koma ali kuno dzina lawo linatchulidwa pa nkhani za ndale kumudzi, ndipo achibale anawalangiza kuti asayerekeze kubwerera. Sukulu inathera panjira. Anapeza ntchito yokhoma mafelemu a zithunzi ku Alexandria, pafupi ndi Washington pomwepo, nakwatira Lenifa, namwino wochokera ku Chipata.

Loweruka lililonse ankapita ku nyumba yosungiramo zithunzi zakale, kumene anawalola kuimika thabwa lawo n'kumakopera chithunzi chimodzi. Chinali cha dona wina wa ku France, wa banja lachifumu, wovala diresi lotuwa la silika, tsitsi lodzola ufa woyera, kagalu kali pamwendo. Za amene anachijambula ankadziwa zochepa. Anangomva kuti wojambulayo anathawa kwawo pa nthawi ya chipwirikiti, ndipo anakalambira m'dziko la eni. Foster ankati munthuyo anali waulesi pojambula zala, koma pojambula nsalu analibe mnzake.

Loweruka lina mu 1983 mlongo wawo Edness anaimba foni kuchokera ku Blantyre. Anati mayi anamwalira, ndipo anaikidwa kale Lachiwiri.

"Chabwino," anatero Foster. "Mwachita bwino kundiuza."

Anaika foni pansi n'kutenga bokosi la penti. Lenifa anaima pakhomo, nawapempha kuti akhale pansi, aitane anthu a kutchalitchi, alire monga anthu amachitira. Iwo anati sitima yopita ku nyumba ya zithunzi iwasiya.

Tsiku limenelo anajambula mkono wa diresi. Ankayembekeza kuti chinachake chiwapweteka m'chifuwa, koma ankangomva fungo la mafuta a penti ndi nsapato za alendo odutsa kumbuyo kwawo. Mlonda atanena kuti akutseka, anatsuka maburashi.

Chithunzicho chinatenga zaka zina zinayi. Nkhope anaifufuta kangapo. Atachimaliza anachikhomera felemu okha kuntchito, nabwera nacho kunyumba ku Takoma Park. Lenifa anachipachika m'kakhonde kopita ku bafa, poti pabalaza panali kale kalendala ya tchalitchi. Ana awo ankachitcha anti, namachipatsa moni m'Chingelezi akamadutsa.

Foster sanayambenso chithunzi china. Penti anapatsa mwana wa neba. Loweruka anayamba kumapita ndi Lenifa kukagula zakudya, iwo akukankha ngolo, ndipo mkazi wawo akafunsa ngati atenge mpunga uwu kapena uwo, ankayankha kuti uliwonse.