Chinangwa cha a Manuwele

Ndikangomva fungo la ombwe wosinja, ndimawaona agogo anga aamuna, a Manuwele, ataweramira mtondo wakale umene agogo aakazi anauthamangitsa kukhitchini, manja ali biriwiri, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Januwale akafika pakati, dzuwa likuswa mtengo pambuyo pa mvula ndipo nthaka ikufuka nthunzi, munda wathu wa ku Majaua unkasanduka bwalo la nkhondo. Anunkhadala ankadya masamba, kapuchi ankaboola chimanga, nsabwe zinkamatirira pa nyemba, ndipo agogo ankayenda mzere ndi mzere ndi chitini cha madzi a ombwe ndi katsache ka udzu, akuwaza uku akutukwana tizilomboto m'Chilomwe, poti ankati Chinyanja n'chaulemu kwambiri, kapuchi sachimva.

Agogo anali mkamwini wochokera ku Molumbo, ndipo pamudzi pathu analibe ngakhale chulu choti aloze kuti n'chawo. Munda unali wa agogo aakazi. Mawu anali a mlongo wa agogo aakaziwo, a Dumingu, mwinimbumba wathu, munthu wosachedwa kukumbutsa mlamu wake kuti anabwera chimanjamanja. Koma apo ankanama. Agogo anabwera ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa ya m'munda wa mayi awo, chinangwa chozuna, chofumbutuka ukachiphika, moti mudzi wonse unkangochitchula kuti manuwele. Mvula ikamayandikira anthu ankabwera kudzadula mitengo yobzala, ndipo agogo ankapereka ulere, chifuwa chili patsogolo. Ankadziwa kuti mkazi wawo akadzatsogola, mwambo udzawasudzula kuti abwerere kwawo, kumene owadziwa anali atatha. Choncho ankanena moseka kuti chinangwacho ndicho bilyeti yawo, chiphaso chokhalira pamudzi, ngakhale kuseka kwake sikunkafika m'maso.

Chaka china, ine ndili mtsikana wa kalasi yachitatu, masamba a manuwele anayamba kukwinyika ngati chikhatho cha nkhalamba, ali ndi mawanga achikasu, ndipo ukawagwedeza kunsi kwake kunkauluka tintchentche toyera. Agogo anawaza ombwe, anathira phulusa, anawonjezera tsabola, koma zonse zinapita pachabe. Linali khate la chinangwa. Analionapo kwawo ali wamng'ono, ndipo ankadziwa kuti limakhala mu mtengo mwenimwenimo: wodula mtengo wodwala amakabzala matenda, tintchentcheto n'kumawafalitsa. Choopsa chinali chakuti chaka chimenecho anali atagawira kale pafupifupi khomo lililonse.

Anayamba ndi munda wathu. Anazula manuwele yense, wodwala ndi wooneka wamoyo yemwe, masana dzuwa lili paliwombo kuti aliyense wodutsa aone. Agogo aakazi analalata mpaka mawu anasasa, kufunsa kuti chaka chamawa tidzadya chiyani, koma iwo anangounjika n'kuyatsa. Zaziwisi sizipsa msanga, ndiye utsi wake wowawa unakuta mudzi mpaka madzulo. Ine ndinalira, ndipo sindibisa, ndinawakwiyira kwambiri, chifukwa chinangwa chimenecho ndicho ndinkatenga kusukulu.

M'mawa mwake anavala jekete lawo la ku Misa n'kupita kwa a Dumingu, ine ndi agogo aakazi tikuwalondola chapatali. Anagwada monga achitira mkamwini n'kupempha kuti manuwele yense wa m'mudzi azulidwe asanapatsire chinangwa china.

"Kunyadu," anatero a Dumingu, kutchula mlamu m'Chipwitikizi, osawayang'ana n'komwe, "mwayamba liti kulamula m'minda ya eni?"

"Sindikulamula, alamu. Mbewuyo ndinakupatsani ndine, ndiye ndabwera kudzatenga changa."

A Dumingu anawabweza. Agogo sanatsutse, anangopita khomo lotsatira, kenako lina, akugwada kwa azimayi amene akanakhala ana awo. Amene anaona utsi uja sanavute, poti munthu sangaotche chakudya chake pofuna kunamiza anzake. A Dumingu ndiwo anali omaliza, ndipo tinawapeza akuzula m'mamawa, akunamizira kupalira.

Chinangwa chowawa chakale cha pamudzipo, chimene anthu ankachinyoza, chinapulumuka, ndipo ndicho chinasunga mudzi. Koma manuwele anatheratu, palibe anamuonanso. Chaka chotsatira tinadya makaka opempha, agogo akuwoloka kupita ku Muloza kukasenza katundu wa amalonda pa ukalamba wawo. Pakhomo panasiya kubwera odula mitengo. Agogo ankawazabe ombwe pa nyemba ndi chimanga, koma za bilyeti sanazitchulenso.

Agogo aakazi atamwalira, tsiku losudzula agogo aamuna litakwana, tinapeza atamangirira kale katundu wawo panjinga. Abale atakhala pansi, a Dumingu anaimirira ndi ndodo yawo, nkhope ili gwa ngati masiku onse.

"Masulani katunduyo, kunyadu. Munthu amene anaotcha chake kuti chathu chitsale, kwawo n'kuno."

Agogo anayesa kumasula chingwe, koma mfundo inawakanika, moti amene anawamasulira ndi a Dumingu omwewo.

Lero munda uja ndikulima ndine, ndipo ndikaona tsamba lokwinyika ndimazula osadikira mawa. Kwathu munthu amadziwika ndi mtundu wa mayi ake, koma ine akandifunsa kuti ndine wa kwa yani, ndimayankha mokweza kuti ndine mdzukulu wa a Manuwele, mkamwini amene anagona m'manda a eni mudzi, pafupi ndi mkazi wake.