Mbuzi ya Zaka Sikisite

Ku Mbulumbuzi aliyense amawadziwa mayi Samira, ogula nandolo pa sikelo yopachika mumtengo wa mango. Sukulu analekeza sitandade 5, koma wowapusitsa pa masamu sanabadwe. Chaka chimene nandolo anagwa mtengo, iwo anatsala ndi matumba makumi awiri akufumbwa m'nyumba. Chiyambire pamenepo, akamva kuti chinthu chikukwera mtengo, amakumbukira matumba aja.

Tsiku lina kunabwera mlongo wawo, a Mubarak a ku Limbe, foni ili m'manja. Ankafuna ndalama zimene mayi Samira anasungira Laila, mwana wawo yekhayo, zokalipira kusukulu ya unamwino mu Januwale. Akuti awagulire masheya, magawo a umwini wa kampani ina, omwe anali atakwera mtengo katatu chaka chimodzi. Pofika Januwale, akuti, fiziyo idzakhala itabereka inzake.

Kukaniza mlongo amene anaika maliro a mwamuna wako si masewera. Komabe mayi Samira anafunsa monga amafunsira pogula mbuzi: sheya imodzi ndi zingati, nanga kampaniyo imapindula zingati pachaka pa sheya imodziyo? A Mubarak anayang'ana pafoni n'kuyankha monyinyirika kuti mtengo ndi K600, phindu K10.

Mayiwo anawerenga ndi zala.

"Achimwene, ndiye zaka sikisite kuti ibweze mtengo wake? Mbuzi yotero ine sindigula."

A Mubarak anafotokoza kuti anthu akulipira phindu la mawa, poti kampaniyo ikukula. Mwina zinali zoona. Koma mawa lomwelo ndi limene linawagwetsa pa nandolo, ndipo Januwale sadikira munthu.

"Ngati simundikhulupirira, unkhoswe wa Laila mudzapeze wina," anatero a Mubarak akuimirira.

Mayi Samira anayang'ana chitseko cha kuchipinda kumene kunali ndalamazo. Zinawapweteka kwambiri, poti mlongo wawo anali mmodzi yekhayo. Koma sanadzuke kukazitenga.

Masheya aja anapitirira kukwera, anzawo pamsika n'kumawaseka kuti anabweza mwayi uli pakhomo. Iwo ankangoyeza nandolo wawo. Januwale atakwana, Laila anapita kusukulu, fizi italipidwa yonse. Amalume ake sanabwere kudzamuperekeza. Mayi Samira anasenza okha sutikesi mpaka pa siteji, akucheukacheuka njira ya ku Limbe.