Kokadzutsa Msana wa Galimoto Yathu ku Manjawira

Tidanyamuka kwathu kufupi ndi Kandeu Lachinayi, cha m'ma 6 koloko m'mawa, ine ndi mwana wanga wachisamba Yohane, yemwe ndiye amayendetsa galimoto masiku ano. Asanalize injini ndidati tiyambe tawerama. Ndidapempha Mulungu zinthu ziwiri zokha, kuti atifikitse, ndiponso kuti tikamve mawu abwino kwa amakaniko.

Galimoto yake ndi pikapu yoyera yakalekale, imene abambo a Yohane adagula atagulitsa ng'ombe zawo zomaliza. Imakoka tirela ya mpunga kuchokera kumunda kupita kumsika, ndipo ndi imene yaphunzitsa ana athu onse. Koma zaka zapitazi idayamba kukhala pansi kumbuyo, mphuno m'mwamba, mpaka ana a m'mudzi adaipatsa dzina loti Fisi. Mwana wathu wamkazi Estere, amene amakhala ku Blantyre, adapeza munthu woti adzaigule Loweruka, akaiphwasule n'kugulitsa zitsulo. Abambo ake sadakane. Chidwalireni matenda ofa ziwalo mbali imodzi, sakondanso kulimbana ndi ana. Adangoti, "Kaionetseni kaye kwa a Ngozo ku Manjawira. Akakati yafa, ndiye kuti yafa."

Ine ndakhala nawo zaka zambiri, ndidamva zimene sadanene. Chiwongolero adachisiya, khasu adalisiya. Chomwe chidawatsalira n'kukhala pampando pabwalo n'kumalamula kapakiridwe ka tirela. Ikachoka galimotoyi, m'mawa azidzadzukiranso chiyani?

A Ngozo adali atanena pa foni kuti tibwere ndi tirela yopakira monga timapakirira masiku onse. Choncho matumba khumi a mpunga adakwera, abambo akuloza ndi ndodo yawo: "Sunthirani kutsogolo. Kutsogolo ndithu." Mnzanga woyandikana naye nyumba, a Nachisale, adafunsa ngati tikukagulitsa. Nditati ayi, tibwerera nawo, adaseka. "Mpunga wa mwayi uwu, wokaona tala n'kubwerako."

Msewu wa fumbi wochoka kwathu kukafika ku tala si wautali kwenikweni, koma tidauyenda ngati tikuperekeza maliro. Paliponse pali dzenje, chitsulo chokokera tirela chinkagunda pansi, gu, ine mtima nawonso gu. Pa kamtsinje kouma kamene tonse timadutsapo ndidachita kutsika kuti galimoto ipepukeko, ngakhale Yohane adati kulemera kwanga n'kwa nkhuku. Adawoloka mopingasa, chitsulo chija chikulima mzere mumchenga.

Kutsidyako tidapeza mayi wina ali ndi beseni la tomato pamutu. Adati wa njinga yamoto wamutchulira K5,000 kukafika pa Nsipe, ndiye tomato yense athera panjira. Tidamukweza kutsogolo, beseni pamiyendo panga. Atakhala pansi adayang'ana pagalasi n'kufunsa, "Kodi amayi, msewu mumauona bwanji? Ine ndikuona mitambo yokhayokha."

"Timauona ndi chikhulupiriro," adatero Yohane.

Tidafika pa tala nthawi itadutsa 7. Patsogolo pang'ono wapolisi wapamsewu adatiimitsa. Adaona mapepala, adali bwino, kenaka adabwerera m'mbuyo masitepe angapo n'kuiyang'ana galimoto yonse.

"Achimwene, galimoto yanuyi ikuyang'ana kumwamba, ikupemphera?"

Ndidayankha ine. "Yatengera eni ake, bwana. Koma tikupita nayo kuchipatala."

"Pitani nayoni, mayi. Usiku nyali zake zimathobwa anzanu m'maso izi."

Pa Nsipe mayi wa tomato adatsika, ndipo atakana Yohane ndalama yake, adatisiyira tomato asanu akuluakulu. Tidalowa m'kanyumba ka tiyi m'mbali mwa msewu. Tiyi wa mkaka ndi masikono awiri adatilipiritsa K1,500 munthu mmodzi. Tiyi wake adali wotsekemera moti supuni ikadatha kuima yokha. Kunja azimayi adali akuyala kabichi ndi mbatata, ena akuthamangira minibasi iliyonse yoima. Yathuyi palibe adaithamangira.

Ku Manjawira tidafika cha m'ma 9. Galaja ya a Ngozo ili kuseri kwa mashopu, pansi pa mtengo wa mango, ndipo mpanda wake ndi zitsulo za magalimoto akufa. Nditaziona zija ndidakumbukira munthu wa Loweruka uja. A Ngozo ndi bambo wamfupi wa imvi, wolankhula mosathamanga. Adandipatsa benchi, nafunsa za odwala kunyumba, za mvula ya chaka chatha, kenaka ndi pomwe adayang'ana galimoto.

Adauza Yohane kuti amasule tirela. Yohane adagwira mtanda wake, chitsulo chachitali chija chokolekera ku galimoto, kuti anyamule, osatheka. A Ngozo adagwirako, osatheka. Mpaka adachita kuikapo jeke. A Ngozo adayang'ana matumba aja nthawi yaitali ndithu, napukusa mutu. Adayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto.

Ine pabenchi paja Baibulo lidali pamiyendo, koma sindinganame, sindidawerenge ngakhale vesi limodzi.

"Mayi, tabwerani mudzaone," adandiitana. Ndidagwada m'fumbi. Adandionetsa zitsulo zazitali zosanjikizana pamwamba pa matayala akumbuyo, zimene amati masipuling'i. "Izi zimayenera kukhota ngati uta. Zanuzi zagona ngati mphasa. Ndipo ichi chachitatu chidathyoka kalekale, onani dzimbiri pothyokapa."

"Ndiye yafa?"

"Ayi. Chasisi, mafupa ake a galimoto, ndi chabwino, injini ndaimva pobwera. Yangotopa msana."

Ndidakhala chigwadire pomwepo kanthawi. Anthu odutsa mwina ankati ndikuthandiza amakaniko.

Yohane atamva kuti ichira, mtima udakwera. Adati popeza tikumasula kale, aikweze ndithu, italike ngati magalimoto a mabungwe aja amabwera kumudzi. A Ngozo adamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mukufuna yokokera mpunga kapena yokafunsira mbeta?"

"Mkazi ndili naye kale, madala."

"Ndiye zala zitatu zakwana." Adaimika zala zitatu. "Tiibwezere pomwe idabadwira, tiwonjezere izi basi, kuti ikasenza izikhala yowongoka. Mukaikweza kwambiri, paipi ya mabuleki ikokeka, pa kona izidzapendama, ndipo tirela yanu izidzayenda itakweza mutu. Mudzabwera kudzanditukwana."

Ntchito yake ndidaionerera yonse. Adaimika galimoto pa zitsa, namasula masipuling'i mbali zonse ziwiri. Pansi adajambula uta ndi choko. Kenaka ankatenga chitsulo chimodzichimodzi, kuchigoneka pa chidutswa cha njanji, n'kumachimenya ndi nyundo yaikulu, pang'ono apa, pang'ono apa, kuyambira kunsonga. Akamenyamenya ankachiika pa choko paja kuona ngati chafika. Moto sadayatse. Ndidafunsa chifukwa chake, poti kwathu osula makasu amayamba aotcha.

"Mukachiotcha chimamvera msanga, koma chimaiwalanso msanga," adatero. "Mwezi umodzi chagonanso."

Chothyoka chija adachitaya, nafukula china chofanana nacho pa mulu wa zitsulo zawo. Adawonjezeranso chitsulo chimodzi mbali iliyonse, chothandizira pa katundu. Mabawuti omangira adati akale sabwezeredwa, Yohane adakagula atsopano kushopu ya zitsulo, pamodzi ndi timalabala ta kunsonga.

Masana tidadya chipisi cha pachiwaya ndi kabichi, ndipo tomato wa mayi uja ndidamudulira momwemo. A Ngozo adadya nafe, atasamba m'manja katatu koma mafuta osachoka.

Cha m'ma 3 adaitsitsa pa zitsa. Abale anga, ndidachita ngati ndaona munthu amene adali chigonere wadzuka. Idaima mowongoka, kumbuyo kutakwererako pang'ono. Ndidayamba kuthokoza, koma a Ngozo adakweza dzanja.

"Musathokoze kaye. Amapakira tirelayi ndani?"

Yohane adayang'ana pansi. Ine ndidayang'ana mtengo wa mango.

"Amene amapakirayo adayendetsapo ngolo ya ng'ombe," adatero a Ngozo.

"Ndi ababa," adayankha Yohane. "Ngolo adayamba ali mnyamata."

"Ndaona. Inenso ndidakulira pa ngolo. Pa ngolo katundu umamukankhira kutsogolo, chifukwa akalemera kumbuyo mtanda umadzuka, goli n'kuzikoka ng'ombe pakhosi. Bambo anu sadalakwe, adaphunzira bwino. Koma apa goli lake ndi msana wa galimotoyi. Matumba onsewa akhala akutsamira pa chitsulo chimodzi ichi. Mukapitiriza, mvula isanagwe mudzandipezanso, ndipo ulendo umenewo ndidzakuuzani kuti gulitsani."

Adatsitsa matumba ndi Yohane n'kuwapakiranso. Ambiri adawaika pamwamba penipeni pa matayala a tirela, kutsogolo ochepa chabe. Adati kumbuyo kwenikweni nakonso ayi, tirela imavina pamsewu. Atatha adauza Yohane kuti anyamule mtanda. Adaunyamula yekha, movutikira pang'ono koma adaunyamula.

"Muyeso wake ndi umenewo. Uzilemera, koma munthu mmodzi azitha kuudzutsa."

Tidalipira, tidatsazika, ndipo ndidawadalitsa iwo ndi manja awo. Pobwerera galimoto inkayenda mwakachetechete moti ndidayamba kumva phokoso lina limene kale linkabisika, la chitseko changa. Msewu ndinkauona wonse. Pa Nsipe tidangoima kugula buledi ndi shuga. Koma chimwemwe changa chidali ndi mwala m'kati, ndipo ndidadziwa kuti Yohane akuganiza zomwezo, chifukwa wailesi sadatsegule.

Titasiya tala adayamba. "Amayi, ababa tisawauze. Azilamula monga kale, ife tizipakira monga akufunira. Tikangokhota pa chitsime paja tiziima n'kusuntha matumba."

"Tsiku lililonse?"

"Nanga si mphindi zochepa."

Pa kamtsinje kaja tidawoloka osatsika munthu, osagunda kanthu. Kutsidya Yohane adaimitsa galimoto. Adati tibwezere matumba kutsogolo pompano, kuti pofika kunyumba aoneke monga adachokera. Adali atatsegula kale chitseko.

Nzeru yake idali ya chikondi, ndidaiona. Koma ndidaganiza za bambo uja atakhala pampando, akuloza ndi ndodo, anthu akuvomera "inde, inde" kenaka n'kukasintha kuseri. Mudzi wathu ndi waung'ono. Sabata siikadatha asanamve kuti ana ake amamusewera ngati mwana. Matenda adamulanda mwendo ndi dzanja. Ulemu tikadamulanda ndife.

"Tseka chitseko, tiye," ndidatero. "Ndikawauza ndine."

Tidafika dzuwa litapendeka, nkhuku zisanalowe. Abambo adali pampando pomwe tidawasiya, ngati sadasunthe tsiku lonse. Adaiyang'ana galimoto ikulowa, ndipo mbali ya nkhope yawo imene imagwira idamwetulira. Kenaka maso adafika pa tirela.

"Wapakira ndani matumbawa?"

Ndidakhala pamphasa pafupi ndi mpando wawo, ndisanamasule ndi mpango womwe. Ndidawauza zonse monga adanenera a Ngozo, osachotsa, osawonjezera. Za goli, za mtanda, za msana. Yohane adaima patali akupukuta galasi loyera kale.

Abambo adapempha ndodo, nadzuka, nayenda pang'onopang'ono mpaka pa tirela. Adauza Yohane kuti amasule mtanda aunyamule. Adaunyamula. Adati autsitse, aunyamulenso. Kenaka adagwira m'mbali mwa galimoto ndi dzanja lawo labwino, nakhala choncho.

"Ng'ombe ukailemetsa imagona pansi, umadziwa," adatero. "Iyi yapirira zaka zonsezi osandiuza."

"Inkakuuzani, bambo. Tonse sitinkamva."

Adagwedeza mutu. Adaloza thumba limodzi ndi ndodo. "Ilo lapendama. Likagwa pa dzenje. Yohane, liwongole, ulimange." Yohane adathamanga ngati wamva belu la sukulu. Ndipo abambo asanabwerere kumpando adatembenukira kwa ine. "Amayi a Yohane, muimbireni Estere. Munthu wake uja asavutike n'kubwera Loweruka."

Ndidalowa m'nyumba kukatenga foni, koma ndidayamba ndagwada kaye pafupi ndi bedi. M'mawa ndidapempha mawu abwino kwa amakaniko, ndipo Mulungu adandipatsa abwino ndi owawa m'mbale imodzi. Ndaphunzira kuti munthu ukhoza kupweteka chinthu chimene umachikonda ndi nzeru yomwe idakuthandiza kale, ndipo amene wakuuza zoona wakulemekeza. Nditatuluka ndidapeza abambo akufunsa Yohane kuti pa matumba khumi ndi asanu, angati akhale kutsogolo. Ankafuna adziwe bwinobwino, poti Lolemba kuli ulendo wa kumsika ndipo opakira adzafuna wowauza.