Chiuno Chobwerera ku Igupto

Mimba yanga inali ndi oiyang'anira ambiri. Chikwatiwireni, aliyense wondipatsa moni ankayamba waponya diso pamchombo, kenako n'kukweza mutu kuti aone ngati nkhope ndi yanga. Pamene ine ndi bambo a kunyumba tinkasamukira ku Leicester m'zaka za m'ma 2000, ine kukagwira ntchito yosamalira nkhalamba, ndinkati ndawathawa. Ayi ndithu. Apongozi ankagwiritsa bwino ntchito makadi oimbira foni aja: "Nanga kuzizira konseko, palibebe kanthu?"

Kanthu kanalipo, koma zinali zotupa. Madokotala anachotsa chiberekero chonse, ndipo tinagwirizana ndi bambo kuti tisauze munthu. Bala linapola, koma ine ndinkayendabe chowerama, dzanja pamimba, ngati ndabisa nkhuku yakuba. Mayi wa mafizo anati ndipeze chilichonse chogwedeza chiuno. Tsiku lina ndinaona chikwangwani mulaibulale ku Wigston: maphunziro a gule wa ku Igupto, Lachiwiri madzulo, muholo ya tchalitchi.

Ndinapita ndikuyembekezera atsikana a michombo pamtunda. Ndinapeza azimayi achizungu a msinkhu wa mayi anga, wina wa bondo lachitsulo, atamanga timipango ta ndalama zolira pamwamba pa mathalauza othamangira. Mphunzitsi anali mayi wa ku Igupto, wamfupi, wojintcha, wa imvi, yemwe masana ankagulitsa mankhwala pafamase ku Oadby.

Wa bondo lachitsulo uja atandiona anaomba m'manja. "Koma ndiye tachita mwayi! Inu a ku Africa zimenezi zili m'magazi."

Magazi ake ati? Ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo. Kwathu ng'oma ikalira, bambo ankatseka mawindo. M'holo monsemo chiuno chouma ngati mpini chinali changa.

"Igupto nayenso ali ku Africa," anatero mphunzitsi, "koma ine ndinachita kuphunzira. Pindani mawondo."

Mayiyu ankadana ndi dzina loti gule wa pamimba. Ankati analipeka ndi amuna achilendo amene anapita kwawoko, maso n'kuwakanirira pamalo amodzi. "Mimba ndi yodyera," ankatero. "Gule ameneyu amalowera kukhutu n'kutulukira m'mawondo. Kwathu amavina ndi azakhali paukwati, atavala diresi lofika m'mapazi, mwana ali m'manja."

Bambo a kunyumba atamva kumene ndinkapita, anasangalala kuposa tsiku limene anapeza ntchito kuweyahausi yosungiramo katundu. Anagula babu lofiira. Loweruka lina anasamba masanasana, n'kukhala pasofa miyendo tang'a ngati mwini munda wodikira zokolola.

"Ndiye tationetsani, mayi."

Ndinaimirira, ndinapinda mawondo, n'kuyamba kukweza chiuno cha kumanja pang'onopang'ono, kutsitsa, kukwezanso, monga tinaphunzirira. Anadikira. Ndinasinthira kumanzere.

"Zinazo mudzaphunzira liti?"

"Ndi zomwezi."

Anayatsa mpira pa TV. Komabe kwa anzawo kuntchito sanakanene zoona. Anakadzitama kuti kunyumba kwawo kwafika za Aluya, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali italowa m'tchalitchi mwathu.

Amayi a pampando a chigwirizano chathu anali namwino wa ku Zambia, munthu wa mawu aakulu ndi chipewa chachikulu. Anandikokera pakona mapemphero atatha.

"Mwana wanga, namvela ati muvina vamaliseche. Mulungu anavutika kuchosa bana bake mu Igupto, manje imwe mubwelelako na basi ya ku Wigston?"

Ndinati timavinira muholo ya tchalitchi. Anati machechi a azungu anagwa kale. Ndinati wamng'ono pagulupo ndine. Anati Satana alibe penshoni.

Mphekesera zinabereka zinzake. Ena anati ndimavina m'mabala usiku amuna n'kumandipana ndalama m'chiuno. Ena anati ndalowa Chisilamu, ngakhale mphunzitsi wathuyo ankavala mtanda m'khosi. Koma imene inandilasa inali yoti ndikuvinira mwana, eti gule ameneyu amatsegula njira. Mayi wina anafika pondinong'oneza kukhitchini ya tchalitchi, akutsuka makapu: "Zikakuyenderani mundiuze, ndili ndi mng'ono wanga."

Lachiwiri lotsatira ndinalephera chilichonse. Tinkaphunzira kuyendetsa funde kuchokera pachifuwa kutsikira m'munsi, koma langa linkafika pamchombo n'kuima. Mphunzitsi anabwera n'kundigogoda pamimba ndi chala.

"Mwaimangiranji chonchi? Yalakwa chiyani?"

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Ndinamuuza zonse, motsitsa mawu, nyimbo ikulira. Ndinkadikira nkhope yachisoni ija, yopendeketsa mutu. Iye anangokweza bulauzi n'kundionetsa chipsera chake chachitali.

"Ndulu," anatero. "Tonse anatichotsapo kanthu. Tulutsani mpweya. Isiyeni igwe."

Ndinaisiya. Inagwa, yofewa, yopanda ntchito, ndipo funde linadutsa mpaka pansi. Zaka zonsezo mimba imeneyi inali ngati munda wobwereka umene eni ake amabwera kudzaona ngati mwamera. Madzulo amenewo sinkayembekezeredwa kutulutsa kanthu. Ndinavina misozi ikutsika, wa bondo lachitsulo n'kumandisisita pamsana poganiza kuti ndapukwa kwathu.

Patapita miyezi, foni inalira. Anali amayi a pampando, mawu ali tseketseke ngati uchi. Mwana wa mchemwali wawo ankakwatiwa, ndipo mlangizi amene ankamudalira pa khitchini pate, phwando la azimayi okhaokha lolangiza mkwatibwi, anali atamuika pa shifiti ku Nottingham.

"Mubwele mumuphunziseko mwana vija vanu. Mu nyumba vifunika."

Tchimo langa linali litapeza msika. Ndinavomera.

Holo ya ku Braunstone anaitchinga mawindo ndi zitenje, n'kukhoma chitseko. Ng'oma zitayamba, ndinaona zodabwitsa. Azimayi omwe aja ondijeda kutchalitchi anamanga zitenje m'chiuno n'kugwada pansi. Msungichuma wa chigwirizano anadikula mpaka wigi inatembenuka. Amayi a pampando anagona chagada pakapeti kusonyeza mkwatibwi zinthu zimene mphunzitsi wanga akanaziona akanaitana apolisi. Nthungululu zinali pokopoko. Mkwatibwi anali atazyolika, maso pansi, monga mwa mwambo.

Kenako analengeza kuti tsopano kukubwera za ku Igupto. Anakhomanso chitseko kachiwiri. Ena anasendeza mipando kutsogolo, wina anapukuta magalasi.

Ndinatuluka nditavala diresi lakuda lofika m'mapazi, la manja aatali, ndi mpango m'chiuno. Ndinaika sidi yanga. Nyimboyo imayamba ndi akodiyoni yekha, wolira pang'onopang'ono ngati munthu amene akufuna kunena kanthu koma akuzengereza. Ndinaima malo amodzi. Phewa linayankha, kenako chiuno, pang'ono chabe. Ndinatseka maso. Ng'oma italowa ndinayenda nayo, osathamanga, ndipo kunena zoona sindinavinepo bwino ngati tsiku limenelo.

M'kati mwa nyimbo ndinamva kunong'ona kumbuyo.

"Ayamba?"

"Akutenthetsa kaye thupi."

"Nanga avula nthawi yanji?"

Nyimbo inatha. Mwana wina ankalirira botolo. Anthu anaomba m'manja mwa apo ndi apo, ngati mmene amaombera mlaliki akatalikitsa. Amayi a pampando anadzuka, thukuta la gule wawo lisanaume.

"Ni vamene ivi? Vasila?"

"Zatha, mayi."

"Manje mwamuna apindulapo chani?"

"Palibe," ndinatero. "N'chifukwa chake ndimapitako."

Mkwatibwi anaphulika kuseka m'kati mwa chitenje chimene anamufunditsa, mpaka azakhali ake anamutsina.

Pamsonkhano wotsatira wa chigwirizano, amayi a pampando anapereka lipoti. Anati nkhani ya mlongo wathu aifufuza okha ndi maso awo, ndipo apeza kuti mulibe tchimo, komanso mulibe phindu. Choncho kusala kudya kwa Lachitatu kwatha. Apa m'pamene ndinadziwira kuti azimayi akhala akundisalira kudya nyengo yonse yachisanu.

Potuluka, msungichuma anandipeza pamalo okwerera basi, nkhope ili gwa.

"Mayi, munatilakwira," anatero. "Ine ndili ndi zilonda za m'mimba. Ndinkagwira shifiti yonse ndi madzi okha chifukwa cha inu. Mukanangovulako ngakhale mkono umodzi."

Ndinapepesa. Basi yanga itafika, ndinamusiya akudandaulabe.