Sikiripiti Yomva Bash Yokha

Kompyuta yakale ya pa loji imene ndinkagwirako ntchito ku Kande inkafunika kenelo yatsopano, pulogalamu imene ili mtima wa makinawo. Ndinayamba kuimanga m'mawa ndikudalira sola, koma dzuwa litapendeka ntchito inaima pakati.

Nditatsegula sikiripiti yomangira, fayilo ya malamulo oyendetsa ntchitoyo, kuti ndione chavuta, ndinaona kuti pamwamba wolemba analonjeza kuti shelo iliyonse, pulogalamu yowerenga malamulo, idzaimva. Bodza lenileni! M'kati analemba zimene imamva shelo ya bash yokha, pomwe shelo yathu inali ina, yotchedwa dash. Batire la sola linatha ndisanakonze.

Ndinapsa mtima. Munthuyo sanayeseko makina ena kupatula ake. Sindinamuonepo, koma ndikumudziwa: ali ngati munthu uja amatsika minibasi, kulankhula Chichewa chake kwa amayi anga odziwa Chitonga chokha, kenako n'kumadandaula kuti ndi ogontha.