Ulosi wa Ababa pa Fainolo ya ku Springs

Ndikukumbukira chaka chimene basiketibolo inalowa m'nyumba mwathu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Primrose, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, ndipo bambo anga, amene ife tinkawaitana kuti Ababa, anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la shopu ina pafupi ndi pokwerera matakisi. Amalawi anzathu ankaima pamenepo akamachokera kuntchito, ena kudzafupikitsa mathalauza, ambiri kudzangomva za kumudzi.

Ababa anali munthu wa mpira wamiyendo kuyambira ali mnyamata ku Machinga. Mpira woponya ndi manja ankauona ngati chibwana. Ndiye achemwali anga, a Asiyatu, atasankhidwa m'timu ya atsikana m'chaka chawo chomaliza pakoleji ku Springs, Ababa anayamba akana kaye. Chimene chinawavuta kwenikweni chinali yunifomu: kabudula ndi kamalaya kopanda manja. Anakhala masiku atatu osaitchula nkhaniyo. Tsiku lachinayi anaitana achemwali, anawayeza ndi tepi, n'kuwasokera malaya a manja aatali ovala m'kati mwa yunifomu, thalauza, ndi mpango wosavuka ngakhale munthu adumphe bwanji. Atapita kumasewera kukaona ngati msoko wawo ukugwira, anabwerako ali munthu wina.

Malamulo a masewerawo sankawadziwa, ndipo sanavutike n'komwe kuwaphunzira. Achemwali akakankhidwa, Ababa ankadzuka pampando n'kukuwa kuti, "Penate imeneyo, refu!" Mtsikana wa timu ina akathamangira kutsogolo yekha, iwo ankakweza dzanja kuti ndi ofusayidi. Ana a koleji ankaseka mpaka misozi, koma ankawakonda. Anawapatsa dzina loti Malume, ndipo ankawasungira mpando wa kutsogolo, pakati penipeni.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho kunali mpikisano wa makoleji asanu ndi atatu. Ankasewera Loweruka lililonse m'holo ya ku Springs, timu yogonja n'kumapita kwawo. Apa m'pamene luso lina la Ababa linaonekera. Tsiku loyamba, matimu akutenthetsa thupi, iwo anatsinzina diso limodzi monga ankachitira kasitomala akabwera kudzayezetsa jekete, kenako anakodola mnzawo, a Jafali, amene ankagwira ntchito ya ulonda ku Germiston.

"Obiriwirawo apita kwawo lero," anatero.

"Aa, a telala, simukuona kutalika kwake? Atsikana ngati mapolo a magetsi!"

"Msinkhu umapusitsa. Inu yang'anani kuchokera paphewa kufika kuchala. Ofiirawo ndi afupi, koma mikono yawo ndi ya anthu aatali. Ine ndayeza anthu zaka makumi atatu, achimwene."

Obiriwira anapitadi kwawo. Magemu onse anayi a tsiku limenelo anatha monga Ababa ananenera. Lolemba anatenga katoni, anajambulapo mizere ndi choko chawo chodindira nsalu, n'kuikoleka pamwamba pa makina. Analembapo matimu awiri amene adzafike m'fainolo: Springs ya achemwali, ndi timu ya ku Vosloorus. Loweruka lotsatira zinachitika chimodzimodzi. Pakhonde paja panayamba kudzaza anthu amene sanaonepo basiketibolo chibadwire, aliyense akufuna kumva chimene tepi ya a telala yanena.

Ine zonsezi zinkandinyansa. Ndinene zoona, ndinali ndi nsanje. Diresi langa la pa Idi linali litadulidwa kalekale, koma linkangokhala m'pulasitiki pansi pa tebulo. Pachakudya nkhani inali ya Asiyatu, m'takisi Asiyatu, ngakhale Amama akafunsa za mtengo wa palafini, yankho linkakathera kwa Asiyatu. Ndinkawakonda achemwali anga, koma ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha atatsikako pamene Ababa anawaika.

Mlungu wa fainolo, mzere womaliza pakatoni unakhala wopanda dzina mpaka Lachinayi. Masana a tsikulo ndinadzera pakhonde pochokera kusukulu, ndipo ndinapeza a Jafali ndi azibambo ena atatu atawapanikiza Ababa.

"Lembani, a telala, musatiike m'mwamba. Kapena mukuopa?"

Ababa anatenga choko. Analemba Vosloorus, anafufuta ndi chala, anayang'ana m'kabuku kawo ka miyezo nthawi yaitali, analembanso Vosloorus. Anafufutanso. Kachitatu analemba pang'onopang'ono, n'kuika choko pansi.

"Eish, mwana wanu yemwe?" anafunsa a Jafali.

"Mtsikana amene adzamulondere Asiyatu amamuposa mkono ndi zala zitatu. Tepi sinama. Mukufuna ndikunamizeni chifukwa ndi mwana wanga?"

Azibambo aja anabalalika. Kenako Ababa anatsegula chikwama n'kutulutsa malaya a manja aatali a achemwali, amene anawatenga pachingwe m'mawa osauza munthu. Patebulo panali suti ya ukwati ya kasitomala wina imene inkafunika Loweruka lomwelo, koma anaikankhira pambali. Anamasula msoko wa m'khwapa ndi lezala, ulusi umodziumodzi, anadula tinsalu tiwiri n'kutilowetsa pamenepo kuti mkono uzikwera popanda chokoka. Ankati akasoka pang'ono, amakweza dzanja la malayawo m'mwamba, n'kupukusa mutu, n'kumasulanso. Ndinawamva akudzilankhulira kuti, "Ngakhale chala chimodzi chokha, Mulungu wanga, chala chimodzi." Atamaliza anawasita bwinobwino, ndipo titafika kunyumba anawabwezera pachingwe.

Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Koma achemwali atafika madzulo, thukuta la pulakatisi lisanaume, ndinawatsatira kumpopi wa panja n'kuwauza chinthu chimodzi chokha.

"Achemwali, Ababa alemba kuti muluza. Alemba pakatoni, anthu onse aona."

Madzi anapitiriza kuthira m'ndowa mpaka kusefukira. Achemwali anatseka mpopi n'kulowa m'nyumba. Pachakudya anadya pang'ono, kenako anayang'ana Ababa.

"Ababa, n'zoona kuti mwatilemba kuti tiluza?"

Ababa anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuweramitsa mutu. Akanatha kunena za malaya aja, koma sanali munthu wodzitchinjiriza ndi zabwino zimene wachita.

"Ndalemba, mama," anatero.

"Sharp, chabwino. Ndiye Loweruka musavutike kubwera. Mukudziwa kale mmene zithere."

Amama anayesa kulowererapo, koma achemwali anali atadzuka kale. Ine ndinayembekezera kuti mtima wanga ukhala pansi, popeza chimene ndinkafuna chinali chitachitika. M'malo mwake chakudya chinandiwawa m'kamwa. Lachisanu lonse m'nyumba munali zii. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zotsalazo, koma ndinkaopa kuti achemwali adziwa chifukwa chimene ndinazibisira.

Loweruka tinapita ku Springs ine ndi Amama. Kunja kunkazizira koopsa, koma m'holo munali motentha ndi anthu, mukununkhira polishi ndi magwinya, mandasi a kuno, amene amayi ena ankagulitsa pakhomo. A ku Vosloorus anabwera ndi matakisi awiri odzaza, akuimba ndi kumenya mabenchi. Mpando wa kutsogolo uja unali wopanda munthu. Ana a koleji anali ataikapo chikwama, ndipo ankangotifunsa m'Chizulu kuti Ababa ali kuti: "Uphi uMalume?" Amama anayankha kuti atanganidwa ndi suti ya ukwati.

Gemu itangoyamba ndinatembenuka, ndipo ndinawaona Ababa. Anaima pakhomo la kumbuyo, mwendo umodzi m'kati wina kunja, atavala jekete lalikulu la ulonda la a Jafali, kolala ataikweza mpaka m'makutu. Ankaganiza kuti abisala, koma kofia yawo yoyera inkaoneka ngakhale uli kutsidya la holo. Mwana wawo anati asabwere, ndiye iwo anaona kuti kuima pakhomo sikubwera.

Sindinaonepo Ababa akuvutika ngati tsiku limenelo. Munthu wozolowera kukuwa anadzitseka pakamwa ndi dzanja. Achemwali akagwira mpira, iwo ankanyamuka ndi zala za kumapazi. Mpira ukalowa, ankamenya chitseko ndi chibakera mwakachetechete. Mtsikana wa mikono yaitali uja analidi chimene tepi inanena: kawiri anauphula mpira m'mwamba achemwali atauponya kale, ndipo ulendo uliwonse Ababa ankatembenukira kukhoma. Koma achemwali nawo sanali ogona. Anasewera ngati munthu wolusa, ndipo matimu awiriwo anasinthana kutsogola mpaka kumapeto.

Kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe, Vosloorus ili patsogolo ndi kuponya kumodzi kokha, mpira unafika kwa achemwali. Pamenepo Ababa analephera kupirira. Mawu awo anaboola phokoso lonse la m'holomo.

"Kweza mkono, mama! Kweza wonse!"

Achemwali anadumpha, mkono unakwera bwino lomwe, mpira unadutsa pamwamba pa zala za mtsikana uja. Unagunda chitsulo, unazungulira pamkombero, n'kugwera kunja. Wezulo inalira.

A ku Vosloorus anakhamukira m'bwalo. A Jafali ndi anzawo, amene ankaonera ali kumbuyo, anathamangira kwa Ababa akuseka. "Mwalasanso, a telala! Magemu onse, palibe n'imodzi yomwe mwaphonya!" Ababa anawachotsa manja paphewa, anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pasimenti, n'kuphimba nkhope ndi kofia. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene uthenga wa maliro a agogo unafika kuchokera kumudzi.

Miyendo inanditenga yokha. Ndinawapeza achemwali pabenchi, thaulo lili kumutu, ndipo ndinayamba kulankhula ndisanaganize poyambira. Ndinanena za kufufuta kawiri, za suti imene inakankhidwira pambali, za lezala, za chala chimodzi. Ndinkalira kwambiri moti sindikudziwa ngati anamva theka lake. Anachotsa thaulo, anakweza mkono, n'kuyang'ana m'khwapa. Kansalu kanali pomwepo, kosokedwa ndi ulusi wosiyana pang'ono mtundu.

"N'chifukwa chake sanandikoke lero," anatero motsitsa mawu. Kenako anandiyang'ana. "Iwe, unaona zinthu ziwiri. Bwanji unandibweretsera chimodzi?"

Anadzuka, anadutsa pakati pa anthu ovina aja osayang'ana kumbali, mpaka pakhomo la kumbuyo. Anagwada pamaso pa Ababa monga timagwadira popereka madzi, yunifomu ili yonyowa, anzawo onse akuona.

"Ababa, tepi yanu sinama."

"Ndinaipempha kuti iname, mwana wanga," anayankha Ababa. "Katatu konse. Inakana."

Achemwali anaseka uku akulira, n'kuwagwira dzanja kuti adzuke. Pobwerera m'takisi anakhala pamodzi kumbuyo, Ababa akufotokoza mwamphamvu kuti refu anawabera mapenate awiri, achemwali akuvomera zonse ngakhale ankadziwa kuti m'basiketibolo mulibe penate. Ine sanandikalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandikwapula, zikanatha msanga.

Lero ndine namwino pakiliniki ina kuno ku East Rand. Nthawi zambiri kukabwera Mmalawi amene Chingerezi ndi Chizulu zimamuvuta, amandiitana kuti ndimasulire zimene dokotala akunena. Ntchito imeneyi yandiphunzitsa kuti munthu angathe kunama popanda kunena bodza ngakhale limodzi. Chilichonse chimene ndinawauza achemwali pampopi paja chinali choona, ndipo kwa zaka zingapo ndinkadzitonthoza nacho chimenecho. Koma amene wanyamula mawu ndiye amasankha kuti afike olemera bwanji. Ndiye dokotala akati matenda ndi aakulu koma mankhwala alipo, sindipuma pakati pa mawu awiriwo, ndimawafikitsa onse mpweya umodzi.

Achemwali anamaliza koleji chaka chomwecho, anayamba ntchito, ndipo sanaseweranso mumpikisano wina uliwonse. Iwo ndi Ababa nkhaniyi amaisimba akuseka, ndipo amati ndinali mwana. Ndinalidi mwana. Koma fainolo ya mwana wawo inali imodzi yokha pamoyo wawo wonse, ndipo Ababa anaionera ataima pakhomo, m'mphepo, dzanja lili pakamwa. Amene anawaimika pamenepo ndine.