Mapazi a Abambo pa Kanjedza

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, kwathu ku Namitete. Kumunsi kwa dimba lathu kunali kanjedza wamtali, ndipo Lamulungu la Kanjedza likamayandikira, mphakati wonse unkadalira abambo anga kuti akasadze masamba. Ankakwera ndi makwerero a nsungwi, chingwe chili m'chiuno. Amayi ankaima chapatali manja ali kumutu, akudandaula kuti tsiku lina tidzawatola pansi ngati papaya.

Chaka chimenecho amalume anabwera kuchokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito yosamalira mitengo ndi maluwa. Anabweretsa zitsulo ziwiri zomanga m'miyendo, zosongoka ngati misomali.

"Alamu, ndi izi simungaterereke," anatero.

Amayi anachonderera mpaka abambo anavomera. Ataponda, chitsulo chinamira m'thunthu, apondenso chinamiranso. Atakwera pang'ono anaima n'kuyang'ana kumapazi. M'mabowomo munkatuluka madzi. Anatsika n'kumasula zitsulozo.

"Naphiri, tagwira apa," anandiitana. Ndinapisa chala, munali monyowa. "Mtengo wa mango ukautema umapola, khungwa limabwerera. Kanjedza sapola, mwanawe. Bala la lero likhala chomwechi, ndipo kuwola kumalowera momwemu."

Amalume zinawanyansa. "Ndiye mtengo waposa moyo wanu eti?"

"Zitsulozi n'za mtengo umene ukugwetsedwa, alamu. Uwu tidzaufunanso chaka chamawa. Tandigwirireni makwerero."

Anamanga makwererowo kuthunthu, chingwe anachikulunga kawiri kuti mtima wa amayi ukhale pansi, n'kukwera mwa kale. Lamulungu tonse tinayenda ndi masamba athu tikuimba, amalume omwe.

Abambo anamwalira ine ndili ku sekondale. Nyumba yathu ya zidina inagwa, njinga yawo anatenga achibale, ndipo chithunzi chawo tilibe ngakhale chimodzi. Koma kanjedza uja alipobe, ndipo ndamvetsa tsopano kuti akanapitiriza kukwera ndi zitsulo tsiku lija, mwina bwenzi mtengowo utagwa kalekale.

Mabowo aja sanatsekeke, monga ananenera eni ake. Ndikapita kumudzi ndimatsetserekera kudimba ndekha, n'kupisamo zala. Ndimawasowa abambo anga. Anadandaula kuti anavulaza mtengo, osadziwa kuti andisiyira mapazi awo okhawo amene mvula sinafufute.